Nsembe ya pa Puloti ya Frimpomaa

Fayilo ya mphunzitsiyo anandipatsa Lachisanu m'mawa, tsiku limene ndinabwerera ku ntchito chiikireni maliro a mayi anga. Ndinali ndidakali m'malaya akuda. Anzanga a pa polisi ya Ejisu anandigwira chanza mmodzimmodzi, ine n'kumangoyankha kuti zikomo. Chisoni sindinkachimva, njala sindinkaimva. Ndinkangoyenda chifukwa miyendo inazolowera njira.

"Sajeni Ntim, nayi yopepuka," anatero abwana. "Nkhani ya malo. Wakuba tamugwira kale, ali m'chitokosi. Lolemba akaonekere kukhoti. Iwe ungomanga mapepala."

Nkhani za malo kuno ku Kumasi zili ngati malungo a nthawi ya mvula, khomo lililonse zinalowapo. Ndazigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri. Puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu anayi, aliyense n'kubwera ndi pepala lake la chidindo, ndipo onse amalumbira pa Mulungu yemweyo. Ndinasiya kale kudabwa.

Wogwidwayo anamutulutsa m'chitokosi atagwirizira buluku ndi dzanja, poti lamba anamulanda. Anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, woonda, magalasi ake atathyoka mwendo umodzi.

"Ndinu Gyasi Ampofo?"

"Ndine, bwana. Mphunzitsi wa masamu. Chonde, akulu a sukulu akamva kuti ndafika kukhoti, ntchito yatha. Anandiuza kale."

"Ntchito isiyeni kaye. Mlandu uwu ndi wa zaka m'ndende. Mayi Frimpomaa akuti munawagulitsa malo a eni ake ku Ampabame."

"Ine sindigulitsa malo, bwana, ndimagulitsa pepala. Ndiloleni ndifotokoze mwatsatanetsatane." Anakweza chala ngati ali pa bolodi. "Choyamba, ndimapeza munthu wofuna kugulitsa msanga. Chachiwiri, timagwirizana mtengo, n'kusaina pepala loti malowo wandisungira masiku makumi atatu. Chachitatu, ndimapeza wogula, n'kumupatsira pepalalo pa mtengo wokwererako. Akalipira, mwini malo ndimamupatsa zake, kapamwambako n'kanga."

"Udobadoba basi."

"Ayi bwana, ndi bizinesi. Kunja anthu alemera nayo. Ndinaphunzira pa foni, milungu isanu ndi umodzi. Malipiro a uphunzitsi mukuwadziwa, pofika pakati pa mwezi timakhala tikuyang'ana kumwamba."

"Mapanga awiri avumbwitsa, aphunzitsi. Mwagulitsa mapepala angati?"

Anayang'ana pansi. "Ili n'loyamba."

Nkhani yake inali yaifupi. Anasindikiza timapepala makumi anayi tonena kuti amagula ndi kugulitsa malo mwachangu, n'kutimata pa mitengo ya magetsi kuchokera pa Ejisu kukafika ku Ampabame. Patapita masiku anayi anaimba foni mkulu wina, akuti ndi Opanyin Kyei Baffour, mwinimbumba wa banja la malowo. Anali ndi chitupa, mapu, zonse. Patapita masiku ena atatu anaimba Mayi Frimpomaa, akufuna puloti yangati yomweyo.

"Wogulitsa ndi wogula sabata imodzi. Simunadabwe?"

"Ndinapita kutchalitchi kukathokoza, bwana."

"Ku ofesi ya malo munakafufuza?"

"Ndinkafuna kupita. Koma masiku makumi atatu anali kutha, ndipo mayiwo ankafulumira."

"Mkuluyo ndi mayiwo anaonana?"

"Ayi! Limenelo ndiye lamulo loyamba la bizinesi imeneyi. Akangoonana amauzana mitengo, iwe wapakati n'kukhala wopanda ntchito. Ndinaonetsetsa kuti asakumane ngakhale pamsewu." Ananena monyadira ndithu, kenaka anakumbukira kumene anali. "Ndalama za mkuluyo ndinapereka zonse m'manja. Foni yake tsopano siyankha. Koma umboni ulipo, bwana. Pa maphunziro paja anatiuza kuti tizijambula chilichonse. Tsiku lothira nsembe pa puloti ndinajambula."

Ndinaitanitsa foni yake ku kauntala. Kanemayo anali wa mphindi ziwiri. Munali dothi lofiira, botolo lobiriwira la mowa wa shinapu, m'munsi mwa nsalu, ndi mapazi awiri a munthu wachikulire ataponda pamwamba pa nsapato zimene anavula.

"Nkhope ili kuti?"

"Anakana, bwana. Anati munthu pothira nsembe sajambulidwa kumaso."

Ndinamubwezera m'chitokosi. Munthu sungamutulutse ndi mapazi.

* * *

Mayi Frimpomaa ndinawapeza ku Ampabame komweko, atakhala pa mulu wa mabuloko awo. Maziko amene anayamba kukumba anali atakwiriridwa, ndipo pa khoma la oyandikana nawo munthu analemba ndi penti yofiira kuti malowa sagulitsidwa. Anali mayi wa zaka makumi asanu, wa manja okhakhala, wovala juzi ngakhale dzuwa linkaswa mtengo. Sanaimirire.

"Mwabwera kudzandifunsa zomwe ndinanena kale."

"Mwina, mayi."

"Zaka khumi ndi zinayi ku Italy. Ndinkasambitsa amayi a eni ake, kuwasintha matewera, kuwadyetsa ndi supuni. Amayi anga enieni anamwalira ndili komweko. Maliro ndinaonera pa foni, m'bafa, kuopa kudzutsa gogo wa chizungu." Ankalankhula ngati akuwerenga mitengo ya zinthu pamsika. "Ndinabwera kudzamanga kanyumba kanga. Zipinda ziwiri basi, koma kutali ndi phokoso. Ndinapereka zonse kwa mphunzitsi uja. Nditabweretsa mabuloko, kunatulukira anyamata ndi zibonga, akuti Kyei Baffour sanagulitse kanthu."

"Wogulitsayo munamuonapo?"

"Mphunzitsi ankati mkuluyo sakonda alendo. Ine ndinaona pepala. Kumene ndinali, pepala likakhala ndi chidindo, nkhani yatha."

"Mukufuna chiyani tsopano?"

"Amangidwe. Ndalama sizibwera, ndikudziwa. Koma wina agoneko pa simenti."

Sindinawatsutse. Ndinalemba, n'kufunsa funso limene wapolisi amene anayamba kufufuza nkhaniyi anaiwala. "Nambala ya mphunzitsiyo munaipeza bwanji?"

"Pa kapepala. Kanamatidwa pa mtengo wa magetsi, pageti penipeni pa nyumba yathu."

"Kuti?"

"Ku Tafo."

Ndinasiya kulemba. Tafo ali tsidya lina la mzinda, minibasi ziwiri kuchokera pa Ejisu. Timapepala ta Gyasi tonse makumi anayi tinali pa msewu umodzi, ndipo msewu umenewo sudutsa ku Tafo.

* * *

Pa mphambano yolowera ku pulotiko panali mayi wootcha nthochi ndi mtedza, dzina lake Dufie. Sindinavutike kumufunsa, anali atandidikira kale.

"Ndimadziwa kuti mubwera, bwana! Pepani ndi malirowo, ndaona malaya. Tengani nthochi iyi, yapsa bwino, musakane. Ine pano palibe chodutsa osachiona, ngakhale mbuzi ndimazidziwa mayina. Tsiku la nsembelo? Ndikulikumbukira bwinobwino, linali Lachiwiri, makala anandithera. Mphunzitsi wanu uja, wa magalasi, anafika kaye n'kupita kutsogolo ndi botolo m'jumbo. Kenaka kunaima takisi, kutsika mdala atavala nsalu ya mtengo wapatali, nsapato zaufumu, ndodo. Ndinati ee, lero kuli maliro a ndani?"

"Munamudziwa?"

"Wa kuno ayi. Anandipatsa moni waulemu ndithu. Anaseka, ndipo mano, bwana! Oyera mbee, ofanana onse ngati anawayeza ndi rula. Mdala wa zaka zimenezo mano otero? Oikira amenewo, ndipo si a kuno, madokotala athu amakuikira ngati a kavalo."

"Ananena chiyani?"

"Ndiye poseketsa pake pamenepo. Anati, mwana wanga, puloti yoyandikana ndi nyumba ya denga la buluu ili mbali iti?" Dufie anaomba m'manja. "Ndinamulozera. Madzulo ake ndikumva kuti ndi mwinimbumba wabwera kudzagulitsa malo a makolo ake. Ndinati malo a makolo ako, njira n'kufunsa kwa wootcha nthochi?"

"Bwanji simunachenjeze mphunzitsiyo?"

"Iye anandifunsa? Ankandidutsa ngati chitsa, foni ili pakhutu. Anthu ophunzira amafunsa foni, bwana, ife timangootcha nthochi."

Nthochiyo ndinaidya yonse ndikuyenda. Sindinamve ngati inali yotsekemera kapena ayi.

* * *

Opanyin Kyei Baffour weniweni ndinamupeza pa khonde la nyumba ya banja lawo, atagonekedwa pa mpando wa nsalu. Sitiroko inamugwira zaka ziwiri zapitazo. Dzanja lamanja linali litapindika pachifuwa, pakamwa patakhota. Womuyankhulira anali mlongo wake, Pokuaa, mayi wamfupi amene anandilandira ataika manja m'chiuno.

"Mwabwera kudzaona wogulitsa malo? Nayu. Muuzeni asaine, tione. Supuni yomwe imamukanika, ndiye cholembera? Ndipo ngakhale akanakhala wamphamvu, malo a mbumba sagulitsa munthu mmodzi ngati nkhuku. Tikanakhala pansi tonse, ine ndikanakhalapo. Apolisi inu mumagwira ntchito kapena mumangodikira mwezi uthe?"

"Timadikira mwezi uthe, mayi. Koma tamverani kaye ichi."

Ndinatsegula kanema uja n'kukweza mawu. M'mawa muja ndinali nditangoyang'ana zithunzi, mawuwo osawalabadira. Tsopano anamveka bwino pa khondepo, mawu okhuthala a munthu wozolowera kuyankhula pa miyambo. Anayamba ndi Mulungu, nabwera kwa Nthaka, monga timachitira tonse. Shinapu anamveka akudontha pa dothi. Kenaka anayamba kuitana akufa.

"Agogo Ohenewaa, landirani chakumwa. Agogo Akyaa Tiwaa, landirani. Abena Konadu, mlongo wanga, landira. Mutiyang'anire pa zimene tikuchita lero."

"Imitsani!" anatero Pokuaa. "Ndani amenewo?"

"Si akwanu?"

"Akwathu? Ife timayamba ndi Agogo Boatemaa amene anadula nkhalango ino, kenaka Kwaku Dente, kenaka Afrakomaa mayi athu. Ngakhale mwana wa zaka zisanu wa nyumba ino angakutchulireni ali m'tulo. Ohenewaa wa kuti? Wakuba wopusa, sanathe n'kufunsa komwe mayina!"

Pa mpando paja panamveka phokoso ngati la munthu wotsamwa. Ndinayesa mkuluyo wadwalika, koma ankaseka ndi theka la pakamwa limene linkagwirabe ntchito. Anandikodola ndi dzanja lamanzere, ndinawerama.

"Si wopusa," anatero, liwu lililonse akulikoka ngati chidebe m'chitsime. "Anaopa."

"Anaopa chiyani, Opanyin?"

"Pa chitupa unganame. Pa chidindo unganame. Boma ndi pepala." Anapuma kaye. "Koma kuima pa nthaka ya eni, wopanda nsapato, n'kuitana akufa a eni kuti adzaone ukuwabera? Sabata sutha. Anaitana ake. Ako amakukhululukira."

Ndinazimitsa foni. Milungu itatu yapitayo malume anga anaima chomwecho pa bwalo la kwathu, nsalu itatsitsidwa paphewa, n'kutchula mayina amene ndakhala ndikuwamva chibadwire. Kumapeto kwa mndandandawo anawonjezera dzina la mayi anga. Ndinaimirira pamenepo ngati mlendo wodikira minibasi.

Wakubayo sanasiye nkhope, sanasiye dzina lake. Anasiya mayina a agogo ake ndi la mlongo wake. Chotsala chinali kupeza nyumba imene akufa amenewo amadyera.

* * *

Loweruka masana ndinakwera minibasi ziwiri zija kupita ku Tafo. Ndinkafuna kuona ndi maso anga kapepala kamene kanayenda kokha kudutsa mzinda wonse. Ndinakapeza pa mtengo wa magetsi, moyang'anizana ndi geti la nyumba yakale ya bwalo pakati. Kanali kong'ambika m'makona, ndipo kumbuyo kwake kunali kudakali zomatira zakale. Wina anakamatula kwina n'kudzakamata apa ndi tepi yatsopano, pamsinkhu woti munthu wotuluka pageti akaone.

Nditatembenuka, maso anga anagwera pa khoma la nyumbayo. Panali chikwangwani cha maliro, cha mtundu uja timamata tonse, chitafwifwa ndi dzuwa la zaka zingapo. Nkhope ya mayi wachikulire inali itatsala pang'ono kufufutika, koma zilembo zinkawerengeka.

Abena Konadu.

Geti linatseguka, natuluka Mayi Frimpomaa ndi beseni la madzi otsukira mbale. Anandiona, nathira madziwo m'ngalande.

"Mpaka kunyumba, Sajeni?"

"Awa pa khomawa ndani, mayi?"

"Amayi anga."

"Agogo awo anali ndani?"

"Akyaa Tiwaa. Mukufunsiranji?"

M'katimo munkamveka mtondo, wina akusinja fufu, nsima yathu ya chinangwa, ndi wailesi ikulengeza za mpira. Ndinaganiza zobwerera. Ndinaganiza kuti mayiyu wataya kale zokwanira, ndipo zimene ndanyamula m'thumba zimulanda zotsalazo. Koma panali munthu wogwirizira buluku ndi dzanja amene Lolemba linkamudikira. Ndinatulutsa foni.

"Tsiku limene mphunzitsi anasaina ndi wogulitsa, wogulitsayo anathira nsembe pa puloti. Inu kunalibe. Tamverani."

Anamvetsera ataimirira, beseni lili m'manja. Pa dzina la Ohenewaa anakweza mutu. Pa la Akyaa Tiwaa anatseka maso. Pamene mawu aja anati Abena Konadu, mlongo wanga, anakhala pansi pa mwala wa pageti, pang'onopang'ono, n'kuika beseni pambali mosamala ngati muli mazira. Sanalire. Nkhope yake ndinaidziwa, ndi yomwe ndinkaiona pagalasi m'mawa uliwonse.

"Mayi wootcha nthochi akuti munthuyo ali ndi mano oikira," ndinatero. "Oyera, ofanana."

"Ndinalipira ndine," anayankha. "Chaka changa chachisanu ndi chimodzi ku Italy. Ankati akulephera kutafuna nyama."

"Ndani?"

Anapitiriza ngati akudziyankhulira yekha. "Anandiperekeza kubanki. Ankati mzinda uno wadzaza akuba, mwana wa mlongo wanga asayende yekha." Anayang'ana kapepala ka pa mtengo paja. "Ndi amenenso anati taona, Mulungu wakubweretsera nambala pakhomo."

"Mayi, ndikuuzeni mmene zilili. Mawu ndi mapazi sizikwanira kukhoti. Pakufunika munthu wa nyumba ino anene kuti mawu awa ndi a uje, akufa awa ndi athu. Mukanena, mphunzitsi atuluka lero."

"Ndikapanda kunena?"

"Lolemba akaonekera. Ntchito itha tsiku lomwelo. Zaka ndiye adzanena ndi woweruza."

"Iyenso anadyapo."

"Anadyapo kapamwamba, ndipo akabweza. Kupusa kwake n'kwakukulu, koma lamulo la kupusa kulibe. Likanakhalapo, ndende sizikanakwana."

M'katimo mtondo unasiya. Kunamveka mawu okhuthala, omwe aja, ansangala. "Frimpomaa! Ukuyankhula ndi ndani pamsewu ngati mwana wopanda kwawo? Mlendo alowe, fufu wapsa!"

Mayiyo sanatembenuke. "Tabwezaninso," anandiuza motsitsa. "Pamene akutchula amayi."

Ndinabweza. Abena Konadu, mlongo wanga, landira.

"Pa maliro foni inkadukaduka," anatero. "Pamenepa sindinapamve. Aka n'koyamba kumva akuwaitana pamodzi ndi akufa."

Sindikudziwa chimene chinachitika. Kwa nthawi yoyamba chiikireni maliro ndinamva kuti mayi anga anamwaliradi. Ndinayang'ana kumbali, ku ngalande, mpaka zitadutsa.

Mwini mawu uja anatulukira pageti, mdala wojintcha, nsalu ataikulunga m'chiuno, dzanja lamanja lonyowa posamba kuti adye. Anamwetulira ndi mano ake okongola. Kenaka anaona foni m'manja mwanga, namva mathero a nsembe yake yomwe, ndipo kumwetulirako kunakhala pomwepo kopanda mwini.

"Malume Adusei," anatero Frimpomaa. "Munawaitana amayi kuti adzaone?"

Mdalayo sanakane. Anapukuta dzanja pa nsalu, nayankhula modekha, ngati munthu wolangiza mwana. "Iwe unkafuna kukamanga kutali, kukatseka geti lako, ife kuno tizidya chiyani? Denga ili likudontha. Ana a mng'ono wako ali pasukulu. Ndalama zako sizinapite kwa alendo, mwana wanga. Zili m'banja mommuno. Amayi ako akumvetsa."

Frimpomaa anaimirira, natola beseni lake. Anayang'ana chikwangwani chofwifwa chija nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine.

"Lembani, Sajeni. Mawuwo ndi a Kwame Adusei, mchimwene wa amayi anga. Akufawo ndi athu." Anatembenukira kwa mdalayo, mawu ake osakwera, osatsika. "Kavaleni nsapato, malume. Kumene mukupitako simukathira nsembe."